Masau a Aphunzitsi Sakala

Chipera, nkhondo isanatifike

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba. Munazimva kale kwa azakhali anu mpaka kutopa nazo. Ndiyambira pamene boma linandipatsa jizi, ndiye kuti choko, m'manja n'kunditumiza ku Chipera, pa shikola yofolera udzu, ya makalasi awiri okha. Ndinali mnyamata wosakwatira, wodziwa Chipwitikizi chifukwa ndinakulira pa mishoni, ndipo chimenecho chokha ndicho chinandisandutsa pulofesolo. Za kaphunzitsidwe sindinkadziwa kanthu. Ndinkalemba pa kwadulo, bolodi la m'kalasi, zimene zinali m'buku, ana n'kumakopera, ine n'kumayendayenda pakati pawo ndi kamtengo m'manja. Mkulu wa shikolayo anali bambo wina wa mu mzinda wa Tete amene ankadana ndi fumbi kuposa tchimo. Ankangokhalira kupukuta nsapato ndi kudandaula kuti anamutaya kutchire. Anandiphunzitsa chinthu chimodzi: kuti mwana akalankhula Chinyanja m'kalasi, agwade. Ine ndinatsatira osafunsa, poti inali nthawi yake imeneyo.

Ku Chipera ndiko ndinakumana ndi amayi anu. Nkhondo itayandikira, aphunzitsi ndi anamwino ndife tinkasakidwa poyamba, choncho tinanyamuka ndi mphika umodzi ndi bulangeti, mkulu wanu Jasinta ali kumsana, n'kuwolokera ku Zambia. Za ku msasa wa othawa nkhondo zikufunika mutu wakewake. Pano nditchula munthu mmodzi yekha amene ndinakumana naye kumeneko, a Lameki Sakala. Iwo anabadwira ku Chiputo, koma makolo awo anawatengera ku Zambia ali mwana, pa nkhondo ina ija ya atsamunda, ndipo anaphunzira konko m'Chingerezi ndi m'Chinyanja. Sanali wothawa nkhondo ngati ife. Anali ndi munda wawo kunja kwa msasa, koma m'mawa uliwonse ankabwera kudzaphunzitsa ana athu pansi pa mtengo, popanda wowatuma. Anali aatali, owonda, oseka mokweza, ndipo m'matumba mwa jekete lawo simunkasowa misomali, chingwe, chidutswa cha galasi kapena nthenga. Zonsezo ankaphunzitsira. Ankandiposa zaka pang'ono, choncho ankanditcha "mng'ono wanga", ine ndinkawatcha "akulu". Tsiku loyamba kundiona ndikuphunzitsa anadikira mpaka ana atapita, kenako anati, "Mng'ono wanga, Chipwitikizi chanu n'chokoma ngati nyimbo. Koma mwaona kuti amene wamva ndinu nokha?"

Chiputo, chaka chobwerera kwathu

Mtendere utabwera, magalimoto anatitula ku Fingoe. Ofesi ya maphunziro inali m'chipinda chimodzi cha nyumba yopanda mawindo, ndipo mkulu wake, Sinyoro Alberto, ankakhalira bokosi la zipolopolo lopanda kanthu. Anali munthu wachidule, wosaseka kawirikawiri, koma wosanama. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Phiri, ukupita ku Chiputo. Ndiwe diretori, mkulu wa shikola. Mabuku ndilibe, jizi ndilibe, aphunzitsi ndilibe. Ukapeza makoma, uyambire pomwepo."

Makoma ndinawapezadi. M'kalasi yoyamba munali mutamera mtengo wa mthethe wotalika kundiposa. Malata onse anali atapita. Kutuluka m'njira kunali koopsa chifukwa cha mabomba okwirira, ndipo tinkayenda mokhamokha mmene mwadutsa ng'ombe. Patangopita milungu yochepa ndinaona munthu wamtali akubwera ndi njinga yodzaza katundu, mkazi akutsatira pambuyo atasenza mtolo. Anali a Sakala ndi akazi awo anaZulu. Anali atasiya munda wawo wa ku Zambia. A Sakala anati, "Bambo anga anafera kuchilendo akulira dziko lino. Ine ndabwera kuti mafupa anga adzagone kuno." Mapepala a uphunzitsi a dziko lathu analibe, choncho boma silinkawadziwa. Makolo ndiwo ankawapatsa chimanga pang'ono akakolola.

Wachitatu wathu anali Felizimina Daka, mtsikana wa m'mudzi momwemo amene anakhala mu mzinda wa Tete nthawi yonse ya nkhondo n'kuphunzira konko. Bambo ake anaphedwa pa msewu, ndipo iye anabwerera ndi mayi ake odwala miyendo ndi azing'ono ake. Nayenso ankaphunzitsa mongodzipereka. Anali wofatsa, wa mawu apansi, wosachedwa kufika pa ntchito ngakhale tsiku limodzi.

Atatufe tinaumba njerwa pamodzi ndi makolo. Jizi atasowa tinkalembera chinangwa chouma pa chitseko chopaka makala. Ana ankalemba pansi ndi zala, ndipo mbuzi ikadutsa, masamu onse ankatha. Ana enieniwo anali a mitundu iwiri. Obwerera kuchokera ku Zambia ndi ku Malawi ankadziwa kuwerenga Chinyanja ndipo ankanyada ndi timawu tawo ta Chingerezi. Amene anakulira m'mapiri mobisala anali asanaonepo kalasi, ena ndevu zitayamba kale kumera. Magulu awiriwa ankanyozana, ndipo onse Chipwitikizi sankachidziwa. M'kalasi mwanga munkakhala zii ngati m'tchalitchi. M'kalasi mwa a Sakala munkamveka phokoso ngati pa msika, koma ana a m'mapiri aja ankathamangira komweko.

Chiputo, chilimwe chachiwiri

Tsiku limene tinamaliza kukhoma malata pa kalasi yoyamba, mudzi unachita chikondwerero. Wamalonda wina anabwera pa njinga kuchokera ku Fingoe ndi magalafa, ndiye kuti mabotolo, a refiresiko, chakumwa cha thovu choyera chija chokoma mandimu. Ana ambiri anali asanaionepo. Sinyoro Alberto anatigulira ife aphunzitsi, ndipo amayi anu anatulutsa makopo athu agalasi amene anatipatsa ku msasa. A Sakala anali akudya masau ouma, monga mwa chizolowezi chawo. Akuseka nthabwala ina, sau limene anali ataliluma theka linagwera m'kopo mwawo. Linamira mpaka pansi. Anati alivuule ndi chala, koma lisanakhudzidwe linayamba kukwera lokha, pang'onopang'ono, mpaka pamwamba. Linatembenuka, n'kumiranso. Kenako linakweranso.

Mayi wina amene anali pafupi anakuwa. "Muli chamoyo umo! Musawapatse ana!" Anthu anaunjikana. Ena anayamba kutaya refiresiko yawo pansi, ndipo wamalonda uja analumbira potchula mayi ake kuti katundu wake alibe mankhwala. Musaseke, ana anga. Anthu aja anali atangotuluka m'zaka zimene chilichonse chachilendo chogona pansi chinkapha. A Sakala anakweza kopo m'mwamba, anamwa pakamwa pamodzi anthu onse akuona, n'kunena kuti, "Ndikafa mundiike. Ndikapanda kufa, mutumize ana anu Lolemba, adzakuuzeni okha chimene chikukweza sauli."

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, tinakhala atatu pakhonde la kalasi ndi magalafa amene anatsala. A Sakala anati anaonapo zotere ku Zambia ndi mphesa zouma, koma ndi masau anali asanayesepo. Tinaponya sau louma lathunthu: linangoyandama, osamira n'komwe, chifukwa m'kati mwa khungu lake muli mpweya kale. Tinaponya njere yake yokha, yoyamwidwa mpaka kuyera: inamira, timathovu tinaikuta, inagwedezeka, koma sinathe kunyamuka. Loluma theka lija, lokhala ndi njere ndi mnofu wokwinyika, ndilo linkavina. Felizimina anavula mkanda umodzi wosalala pakhosi pake n'kuuponya. Unagona pansi osagwira thovu lililonse looneka.

"Ndiye kuti mpweyawu ukufuna pogwira," anatero Felizimina. "Posalala ukuterereka."

"Mwana wa Daka, wanena zoona!" anatero a Sakala akuomba m'manja. "Tsopano tiuze, m'Chipwitikizi timathovuti amatitcha chiyani?"

Ine ndinati, "Akulu, izi n'zokoma, koma mu pulogalama ya boma mulibe masau."

"Muli kumira ndi kuyandama," anayankha. "Ndinaona m'buku lanu lija lopanda chikuto. Buku lalemba za chombo ndi nyanja. Ndani mwa ana awa anaonapo chombo?"

Lolemba lija kalasi inadzaza mpaka pamawindo, makolo ena ataima panja. Ine ndinasiya ana anga n'kukaima pakhomo. A Sakala anali atagoneka galafa mu mchenga wonyowa wa kumtsinje kuti izizire, chifukwa tinali titaona kale kuti refiresiko yotentha imataya mpweya wake msanga. Sanayambe ndi kufotokoza. Anatsegula chitsekerero pafupi ndi khutu la mtsikana wina n'kufunsa, "Wamva chiyani?"

"Yapuma, aphunzitsi."

"Chimene chapuma chinalowa bwanji?"

 Ndipo a Sakala anawauza kuti kufakitale amakankhira mpweya m'madzi mwamphamvu n'kutsekera, ndipo mpweyawo umakhala wobisika m'madzimo ngati mmene mchere umabisalira. Ukatsegula, umafuna potulukira. Anathira m'kopo, anapatsa mnyamata wina wamkulu wa m'mapiri sau kuti alilume yekha n'kuliponya. Litamira anati, "Yandikira. Usandiyang'ane ine, yang'ana sau. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mnyamatayo anasuzumira nthawi yaitali. "Likumera timaso toyera m'makwinya."

"Tikuchuluka kapena tikuchepa?"

"Tikuchuluka. Eee! Lanyamuka!"

"Ndani anawolokapo mtsinje wodzaza atamangirira zipanda m'chiuno?" Manja angapo anakwera, onse a ana a m'mapiri. "Zipanda zija muli chiyani?"

"Mulibe kanthu."

"Muli mpweya!" anakuwa wina kumbuyo.

"Nanga zipanda zikasweka uli pakati pa madzi?"

"Umamira!"

"Onani tsono. Sau lafika pamwamba, timathovu taphulika, mpweya wapita kumwamba. Latsala ndi kulemera kwake kokha." Ndipo sau linatsika, ana onse akuliperekeza ndi mawu. Anasiya kopoyo pawindo mpaka nthawi yoweruka. Pamenepo refiresiko inali itazizira mtima, yopanda thovu, ndipo sau linali gone pansi. Ana anafotokoza okha chifukwa chake. Mayi uja amene anakuwa pa chikondwerero anamva zonse kuchokera kwa mdzukulu wake, ndipo pambuyo pake anatumiza nsengwa ya masau ku shikola.

Mvula itayamba, msewu wa ku Fingoe unaduka ndipo refiresiko sinafikenso. Ana ankafunabe kuona. A Sakala anapempha anaZulu soda wawo wophikira therere, anaviika bwemba m'madzi, anasefa pansalu, n'kusakaniza ziwirizo. Madzi anawira thovu popanda moto. Sankaoneka bwino ngati refiresiko, koma sau linkakwera ndithu. Kuchokera pamenepo anayesa zambiri: ndimu losasenda linkayandama, losenda linkamira, nthochi youma yoduladula inkavina pang'ono n'kufewa, mtedza wokazinga unkavina kuposa zonse. AnaZulu anabwera kudzandidandaulira kuti m'nyumba mwawo therere lasanduka ndiwo ya pa Khirisimasi.

Chiputo, mvula itatha

Njira itauma, Sinyoro Alberto anabwera pa njinga yamoto kudzayendera shikola. Anatiuziratu kuti adzalowa m'kalasi iliyonse. A Sakala anakonzeka kwa masiku angapo. Felizimina anawalembera phunziro lonse la masau m'Chipwitikizi, iwo n'kumaloweza akupalira m'munda. Tsikulo anavala jekete lochapa, matumba opanda kanthu. Anayamba bwino. Koma mawu oloweza sayankha mafunso. Mwana wina atafunsa chinthu chimene sichinali papepala, a Sakala anaima, anayambanso chiganizo, anasokoneza mawu, ndipo ana ena obwerera aja anaseka mobisa.  A Sakala anandiyang'ana, kenako anayang'ana mlendo, n'kunena m'Chinyanja kuti, "Pepani bwana, sau likumira ine ndikufunafuna mawu." Anapitiriza m'chilankhulo chathu, ndipo kalasi inadzuka. Sinyoro Alberto, amene anali Mnyungwe ndipo ankamva zonse, anadzuka pampando n'kukasuzumira m'kopo pamodzi ndi ana. Ndinamuona akumwetulira koyamba.

Pambuyo pake anandiitanira pansi pa mtengo wa mbawa, tili awiri.

"Phiri, mkulu uja ndi mphunzitsi weniweni. Ndayendera mashikola onse a boma lino, wotere sindinamuone."

"Ndiye mumulembe ntchito, Sinyoro."

"Ndimvere kaye. Ku Tete kukutsegulidwa kuluso, maphunziro a uphunzitsi. Shikola yako ndaipezera malo amodzi. Amene apiteyo akabwera ndi pepala, boma lidzamulemba ntchito. Odzipereka onse adzasiya aphunzitsi a mapepala akayamba kufika, limenelo ndi lamulo lochokera kumwamba, si langa. Koma polowa pali mayeso, ndipo zonse n'za m'Chipwitikizi. Ukatumiza munthu n'kukalephera, malowo apita ku shikola ina, ndipo sindikudziwa kuti ena adzapezeka liti. Anthu ako ukuwadziwa ndiwe. Ukabwera ku Fingoe kumapeto kwa mwezi, udzandiuze dzina."

Ndinamupempha kuti asankhe yekha. Anakana. "Udiretori ndi umenewo," anatero, n'kuliza njinga yake.

Nkhani sibisika pamudzi. M'mawa mwake a Sakala anandipeza ndikusesa pabwalo. "Mng'ono wanga, ndamva. Sindikupempha kuti mundikondere. Ndikungoti mundiphunzitse. Mayeso akadali kutali. Mutu uwu sunakalambe." Ndinavomera, ndipo masana aliwonse tikaweruka tinkakhala pakhonde. Ankalimbikira moti ndinkachita manyazi. Kulankhula kunkayenda pang'onopang'ono, koma polemba Chingerezi chinkalowerera paliponse, ndipo ndikawapatsa ndime yoti awerenge n'kuyankha, ankamva theka. Akanakhala ndi chaka, akanakhoza. Chakacho panalibe.

 Felizimina sanabwere kudzapempha, sanatume mayi ake, ndipo ankathandizabe a Sakala ndi mawu ovuta. Tsiku lina ndinamufunsa ngati akufuna kupita. Anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Sinyoro Diretori, ndikufuna. Koma aphunzitsi Sakala ndi amene anandiphunzitsa kuphunzitsa. Musandifunsenso."

Amayi anu anaona kuti sindikudya. Anati, "Bambo a Jasinta, mukufuna dzina limene silipweteka munthu. Dzina limenelo kulibe. Ganizirani ana a m'mudzi muno, kuti zaka zikubwerazi adzawaphunzitse ndani." Ndinaganizira. Ndikatumiza a Sakala n'kulephera, shikola itaya onse awiri. Ndikatumiza Felizimina, akhoza mosakayika, ndipo ndi mwana wa pamudzi, sadzathawira kutauni. Ku Fingoe ndinatchula dzina la Felizimina.

Sindinafune kuti a Sakala amve kwa wina. Nditabwerera ndinapita molunjika kumunda kwawo, ndinawapeza akusanja mapesi. Ndinawauza zonse, ndi zifukwa zake. Anamvetsera osandidula, atatsamira khasu. Nditamaliza anayang'ana kumapiri.

"Mtsikanayo akakhoza," anatero.

"Akulu, ndidzamenya nkhondo kuti malo ena apezeke."

"Mwachita bwino, Sinyoro Diretori. Mwaganizira shikola." Anawerama n'kupitiriza ntchito yawo. Chiyambire ku msasa kuja anali asananditchulepo choncho.

Fingoe, zaka zotsatira

A Sakala anaphunzitsa mpaka chaka chinatha, osachedwa, osadandaula. Aphunzitsi a mapepala atafika, anyamata awiri a kutali osadziwa ngakhale moni wa kuno, iwo anapereka kiyi wa kalasi n'kupita. Munda wokha sukanawasunga, chifukwa mvula inavuta zaka zimenezo. Ndinamva kuti apita ku migodi ya golide kufupi ndi Fingoe, kumene amuna amakumba maenje ndi mapiki n'kusinja miyala m'mitondo yachitsulo. Malo ena a kuluso ndinawapempha chaka ndi chaka. Atapezeka, boma linali litaika malire a zaka zobadwa, ndipo a Sakala anali atapitirira.

Felizimina anakhoza, anabwerera ku Chiputo, ndipo anakhala komweko mpaka anadzakhala diretori m'malo mwanga. Anaphunzitsa azing'ono ake onse. Anamwino, apolisi ndi aphunzitsi ambiri ochokera kudera lija anadutsa m'manja mwake. Mpaka lero ndikaunika nkhaniyi mbali zonse, ndimapeza kuti ndikanatchulanso dzina lomwelo. Koma kudziwa zimenezo sikunandipeputsepo mtima.

Atandisamutsira ku Fingoe ndinapita kukawaona ku migodi. Ndinawapeza atakhala pamwala, thupi lonse lili mbuu ndi fumbi la miyala, akutsokomola. Anyamata okumba ankawatcha Aphunzitsi. Anandilandira mwaulemu, anandipatsa madzi, anafunsa za amayi anu ndi za inu nonse, aliyense ndi dzina lake. Nditayamba kunena za shikola, anafunsa za mtengo wa chimanga. Tinakhala ngati anthu awiri odikira galimoto imodzi. Ndinabwererako ulendo wina, anyamata aja anandiuza kuti ali pansi m'dzenje ndipo satuluka msanga.

Patapita zaka, boma linasintha maganizo. Linalola kuti ana a makalasi oyamba aziphunzira m'chilankhulo cha kwawo, ndipo anayamba kufunafuna anthu odziwa kulemba ndi kuphunzitsa Chinyanja kuti athandize kukonza aphunzitsi. Pa ntchito imeneyo sankafunsa zaka zobadwa. Sinyoro Alberto anali atapuma kale, koma tinakumana pa msika, ndipo iye ndiye anayamba. "Phiri, mkulu wa masau uja ali kuti? Nthawi yake ndi ino." Ndinapalasa njinga mpaka ku migodi. Anyamata okumba anandiuza kuti a Sakala chifuwa chinawakulira, ndipo anaZulu anawatengera kumudzi kwa abale awo, kufupi ndi malire. Ndinapempha tchuthi, ndinakwera galimoto ya makala, kotsalako ndinayenda pansi. Nditalowa m'mudzimo ndinaona anaZulu atakhala pamkeka akusenda chinangwa, mutu wometa, atavala zakuda. Sindinafunikire kufunsa. Anali atawaika mwezi wapitawo, tsidya lino la malire, m'dziko la bambo awo.

AnaZulu anandiyalira mkeka, tinalira pamodzi. Anandifotokozera za matendawo, mmene ankagonera chokhala chifukwa mpweya unkawathera, ndi mmene anyamata a ku migodi anabwerera ambiri kudzakumba manda. Ndinawauza chimene ndinadzera. Anapukusa mutu n'kunena kuti, "Akanasangalala." Kenako ndinafunsa funso limene ndinali nditalisenza zaka zonsezo.

"Alamu, mundiuze zoona. Akulu anapita ali ndi mawu pa ine?"

Anaika mpeni pansi. "Iyayi, alamu. Sanakunenenipo zoipa ngakhale tsiku limodzi."

Ndinapuma, mtima unayamba kutsika. Koma iwo anali asanamalize.

"Za Felizimina ankafunsa. Za ana aja ankafunsa, mmodzimmodzi, kuti uje anafika pati. Inu, chichokereni ku Chiputo, sanakutchuleni n'komwe."

Anatola mpeni wawo n'kupitiriza kusenda. Ine ndinapempha mwana wa mchimwene wawo kuti andilondolere kumanda, ndipo ndinakhala kumeneko mpaka mthunzi unatembenuka.